Mabwana a zaumoyo, mumawerenga makomo koma zamkatimo simuziona

Mabwana athu,

Pepani kuti ndalemba poyera chonchi, koma nanga nditani poti ku mitingi mumatipatsa mpata kumapeto penipeni aliyense atanyamula kale chikwama, ndipo timapepala ta madandaulo tomwe timaponya mu kabokosi kaja kaya amatsegula ndani. Ine ndine namwino woyenda m'makomo. Odwala anga sali pa mzere mu wodi ayi, wina ali kuno wina uko, ndipo pakhomo ndimalowa ndekha ndi chikwama changa basi. Chomwe chikundiwawa ndi chimodzi, inu mumawerenga zitseko zomwe tagogoda koma zomwe tapeza kuseri kwa chitsekocho simuziwerenga, nde mapeto ake namwino amene wapulumutsa munthu ndi amene amaoneka waulesi pa ripoti.

Tsiku lina pa ndandanda panga panali makomo 8. Khomo lachitatu linali la agogo ena a matenda a shuga, fomu inangolemba kuti kutsuka bala la kuphazi, mphindi 20. Ndikulowa ndinawapeza ali pampando thukuta kamukamu, manja akunjenjemera, ndikuwapatsa moni akungondiyang'ana ngati sanandionepo, chonsecho masiku onse amayamba ndi iwo kundifunsa za ana. Mwana wawo akuti "angotopa awa anesi, usiku sanagone bwino." Nditafunsitsa ndinamva kuti m'mawa anawabaya insulin monga mwa masiku onse koma chakudya anakana chifukwa cha mseru. Bandeji ndinaisiya mchikwama momwemo, ndinatulutsa kamakina koyezera shuga, kanalemba 2.8. Inu mukudziwa kuti pansi pa 3.9 ndi wotsika kale ameneyo, ndipo ubongo sudikira munthu. Mwamwayi ankatha kumeza, nde ndinawakhazika bwino nkumawamwetsa madzi a shuga pang'onopang'ono, kudikira mphindi 15, kuyezanso, kubwerezanso, mpaka anayamba kundikalipira kuti lero mwachedwa bwanji, apo ndinadziwa kuti abwerera. Kenako nkukhala pansi ndi mwana wawo uja kumuuza zizindikiro zake, kumuuzanso kuti tsiku lina akadzawapeza atakomoka asawathire kanthu mkamwa chifukwa angatsamwe, aitane thandizo msanga. Nkuimbiranso adotolo za mulingo wa insulin, foni inayankhidwa kachinayi. Bala ndinalitsuka pomaliza. Pakhomopo ndinatha pafupifupi maola awiri ndipo makomo awiri sindinafikeko. Mwezi utatha ndinaitanidwa kuti ndifotokoze chifukwa chake sindinakwanitse tageti.

Tsono ndifunse, mumafuna ndikanatani? Nditsuke bala, ndisaine, ndizipita? Fomu ikanakhala yooneka bwino zedi, agogowo nkukomoka ine ndili pa khomo lachinayi.

Ku sukulu munatiphunzitsa nokha kuti poyamba ndi njira ya mpweya, kenako kupuma, kenako kuyenda kwa magazi, zina zonse zidikire, komanso kuti vuto latsopano limene likusintha limaposa lakale lomwe lakhazikika. Ife sitinaiwale. Koma ndandanda yomwe mumatipatsa siikonzedwa choncho, imakonzedwa poona msewu ndi mafuta a galimoto, wapafupi ayambe wakutali adikire. Munthu amene anatuluka mchipatala dzulo, ali ndi mankhwala atsopano, amakhala yekha, angakhale nambala 7 pa pepala pomwe nambala 1 ndi bambo amene bala lawo latsala pang'ono kupola. Ine ndikasintha dongosolo mumati sindikutsata malangizo. Tipatseni mphamvu yosintha ndandanda m'mawa titaimbira odwala, ndipo mulembe zimenezo pa pepala kuti tisamazichite mobisa ngati tikuba. Mu wodi pamakhala anzako, dotolo ali pafupi, labu ili pamenepo, belu lilipo. Mnyumba mwa munthu wosankha woyamba kuthandizidwa ndine, woyeza ndine, woona mankhwala ndine, woganiza zoitana ambulansi ndine ndemwe, ndiye musandilandenso maganizo anga.

Nkhani ya mankhwala nde imandisowetsa tulo. Wodwala amatuluka mchipatala ndi kajumbo ka mankhwala atsopano, kunyumba akupeza akale aja ali pa shelefu, palibe amene wamuuza kuti akalewo asiye, nde akumwa onse. Ndinapezapo mayi ena akumwa mankhwala a BP amodzimodzi kawiri chifukwa mabokosi anali a makampani osiyana, mtundu wa mapilisi wosiyananso, iwo nkumaona ngati ndi mankhwala awiri, akudandaula chizungulire akamadzuka. Paracetamol nayenso, munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 pa tsiku, koma akumwa wamba uja komanso mankhwala a chimfine amene mkatimo mulinso paracetamol, chiwindi chikuvutika iye osadziwa. Wina ali pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, msana ukamupweteka akutenga ibuprofen kwa mnansi, kenako chimbudzi chakuda bii, magazi akutayika mkati. Zimenezi sumaziona pofunsa kuti "mukumwa bwino mankhwala?" chifukwa aliyense amati eya. Umayenera kunena kuti tabweretsani onse amene ali mnyumba muno, a mu kabati, a pansi pa pilo, a mchikwama, ngakhale omwe munagula nokha, nkuwayala patebulo nkumawerenga limodzi. Zimenezo zimadya nthawi, ndipo pa fomu yanu palibe malo ake.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2017 linakhazikitsa kampeni ya Medication Without Harm, cholinga chake kuchepetsa ndi theka ngozi zikuluzikulu za mankhwala zopeweka m'zaka 5, ndipo chimodzi mwa zinthu zitatu zomwe analoza chala chinali nthawi imene wodwala akuchoka m'manja mwa ena kupita m'manja mwa ena. Mapositala ake munapachika, tinawaona. Koma mpaka lero wodwala amafika kunyumba kalata yomutulutsira mchipatala ili ndi mizere itatu yosawerengeka, nthawi zina ine ndimamva kwa achibale kuti anatuluka sabata yatha. Foni imodzi yokha kuchoka ku wodi, namwino kuuza namwino mnzake kuti uyu tamusintha mankhwala akuti, chubu cha mkodzo tinaika tsiku lakuti, ulusi achotse lakuti, kodi ndi zodula zimenezo?

Za kugwa ndinene mwachidule ngakhale sizochepa. WHO imati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amafa chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Ine ndikafika pakhomo pa munthu wachikulire ndimayenda ndekha njira yochoka pa bedi kukafika ku chimbudzi, ndikuganizira kuti ndi usiku, maso sakuona bwino, mkodzo wamupana. Apa pali kakapeti kopindika, apa waya, apa sitepe yoterera, tochi ilibe mabatire, masilipasi ndi aakulu. Agogo akathyoka fupa la mchiuno ambiri sayendanso ngati kale, amangogona, kugonako nkubweretsa chibayo ndi zilonda. Kuchotsa kakapetiko ndi ntchito ya unamwino ndithu, kungoti sikumveka ngati jakisoni nde mu ripoti simulowa.

Pa zilonda za pabedi pano ndiimepo pang'ono chifukwa ndi pamene ndimaonera kuti tawasiya okha magadiyani. Timangoti muziwatembenuza maola awiri aliwonse, nkumapita. Mawu osavuta kunena. Koma gadiyaniyo ndi mtsikana mmodzi, wodwala ndi bambo ake olemera kuposa iye, ziwalo za mbali imodzi zinafa ndi sitiroko, ndipo maola awiri aliwonse ndiye kuti usiku adzuke katatu kapena kanayi, mawa lake ayang'anenso ana ndi ntchito. Ndinafika pakhomo pena chonchi, mtsikanayo maso ali psuu, akuti "ndimawatembenuza anesi, ndithu." Titawatembenuza limodzi ndinaona kumunsi kwa msana khungu lada kuposa pozungulira, pogwira pakutentha ndiponso pali gwaa. Mabuku ambiri amati yang'anani kufiira komwe sikuchoka mukasindikiza chala, koma pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, umadalira dzanja ndi kuwala, nde ngati chipinda chili cha mdima ndipo iwe ukuthamangira khomo lina umaphonya, ukabweranso pakatha masabata awiri wapeza dzenje. Ndinamuonetsa kukoka ndi nsalu yoyala m'malo mokoka mkono, kuika pilo pakati pa mawondo, kukweza zidendene kuti zisakhudze matiresi, kusatikita pamalo padapo, kusintha zofunda zikangonyowa. Komanso kuwakhazika tsonga powadyetsa ndi kuwasiya choncho kwa mphindi 30 akatha kudya kuti chakudya chisalowere ku mapapo. Nditamaliza sindinafunse kuti wamva, ndinati tachita ndione. Koyamba analakwitsa, kachiwiri anakhoza, kenako anayamba kulira, akuti chiwatulutsireni palibe amene anamufunsako ngati iyeyo amagona.

Mabwana, gadiyani ameneyu akagwa wodwala wagwanso. Wamva mmimba ndiye atsekula chitseko, inde, nchifukwa chake achibale amadzipereka chonchi, koma sizikutanthauza kuti tiwatule katundu yense nkumati ndondomeko yosamalira odwala kunyumba ikuyenda bwino. Mukamatulutsa anthu msanga mchipatala kuti mabedi apezeke, ntchito ija siinathe, yangosamukira kwa munthu amene sanaphunzire ndipo salipidwa.

Tsopano za zida. Malangizo a WHO a 2009 amati kusamba mmanja ndi sopo kutenge masekondi 40 mpaka 60, kupaka sanitayiza 20 mpaka 30, ndipo nthawi zisanu zomwe namwino ayenera kusamba mmanja timaziloweza ngati pemphero. Koma si nyumba iliyonse yomwe ili ndi madzi ndi sopo pafupi, nde sanitayiza akatha ku sitolo ya ofesi ine ndimagula ndi ndalama yanga. Chikwama changachi chimalowa nyumba 8 pa tsiku, ndikachiika pansi kapena pa bedi la wodwala ndiye kuti ndanyamula tizilombo ta khomo lino kupititsa khomo linalo, nchifukwa chake timafuna zoyala pansi pake ndi zopukutira. Magulovu mumatipatsa owerenga ngati maswiti. Kwa wodwala amene akutsokomola ndipo tikukayikira TB ndimatsegula mawindo kapena kukhala naye panja, koma masiki a N95 pafunika kulemba kalata kuti uwapeze.

Choopsa kwambiri ndi singano. Kabokosi kotayamo singano kakadzadza palibe wobwera kudzatenga, odwala a shuga amene amadzibaya okha akutaya singano mu bini momwe ana amafikamo. Mnzanga wina anadzibaya Lachisanu madzulo ndi singano yomwe inali mu zofunda za wodwala. Tonse timadziwa mawerengero ake, mwayi wotenga HIV ukadzibaya ndi singano ya munthu amene ali nako ndi pafupifupi 0.3 peresenti, koma wa matenda a chiwindi a hepatitis B ungafike 30 peresenti ngati sunalandire katemera, ndipo PEP, mankhwala oteteza kuti usatenge HIV ukadzibaya chonchi, amayenera kuyambika msangamsanga, pasanathe maola 72, nkumwa masiku 28. Iye anaimba mafoni usiku wonse kufunsa kuti apite kuti, aliyense akumuuza kuti adikire Lolemba. Anawapeza Loweruka masana chifukwa choti amadziwana ndi munthu wina ku chipatala. Nanga amene sadziwana ndi aliyense? Nambala imodzi yoyankhidwa usiku ndi usana, ndi katemera wa hepatitis B kwa aliyense asanayambe kuyenda m'makomo, kuphatikiza anzathu ongodzipereka aja, sindikuona kuti ndapempha za kumwamba.

Za okosijeni wa kunyumba ndingokumbutsa kuti mukamapereka silinda kapena makina, muzitumizanso munthu wokaona nyumbayo. Okosijeni amapangitsa moto kuyaka mwaukali, ndipo ine ndinapezapo bambo ali ndi timachubu mmphuno, milomo atapaka Vaseline, mwana wawo akusuta fodya pa mpando wa pambali. Palibe anawauza.

Ndiye pali ife eni akefe. Pa 17 September 2020, tsiku lokumbukira chitetezo cha odwala, WHO inatulutsa chikalata chonena kuti wodwala sangatetezeke ngati wogwira ntchito sali wotetezeka. Mawu abwino. Koma ine ndikatuluka mu ofesi m'mawa, ndani amadziwa kuti 2 koloko ndili nyumba iti? Tsiku lina ndili mkati motsuka bala la mayi ena, mwana wawo wamwamuna analowa ataledzera, anakhoma chitseko nkuika kiyi mthumba, akuti simutuluka mpaka mundiuze chifukwa chake amayi sakuchira. Netiweki inali kadontho kamodzi. Ndinalankhula naye mofatsa mphindi zomwe sindikuzidziwa, mtima ukugunda kukhosi, mpaka mnansi anagogoda. Nditakanena ku ofesi anandiyankha kuti "nanga si anakutsegulirani," ndipo sabata yotsatira dzina la khomo lomwelo linalinso pa ndandanda panga, ndekha. Kuyambira pamenepo ndimakhala pafupi ndi chitseko, ndimaona kaye kuti mnyumba muli ndani, galu ali kuti, ndimatumizira mnzanga meseji polowa ndi potuluka. Koma izi tapangana tokha ndi mayunitsi athu, si dongosolo lanu. Makomo odziwika kuti ndi ovuta tizipita awiri, ndipo namwino akaona kuti pano sipali bwino akhale ndi ufulu wotuluka osaopa kuti amulemba kalata ya chenjezo. Anamwino ambiri ndi azimayi, zina zomwe timakumana nazo m'zipinda za anthu sitizinena chifukwa timadziwa kuti funso loyamba likhala loti munavala chiyani. Misana yathu nayo yatha ndi kunyamula anthu pa mabedi otsika opanda wothandiza, koma imeneyo ndi kalata ina.

Ndikudziwa muyankha kuti anthu ndi ochepa. Zoona, ripoti la WHO la 2020 linati padziko lonse pakusowa anamwino 5.9 miliyoni, sindikutsutsa. Nchifukwa chake ntchito zambiri mwazipereka kwa alangizi a zaumoyo ndi ongodzipereka a m'madera, ndipo anthu amenewa amagwira ntchito kuposa momwe mumawayamikira. Koma kumupatsa munthu wekishopu ya masiku atatu nkumusiya chaka chonse osamuyendera, kumeneko ndi kutaya udindo. Iyeyo ayenera kudziwa bwinobwino pamene ayenera kusiya zonse nkuimba foni, kukamwa kukapindika, mkono ukalefuka mwadzidzidzi, mawu akayamba kukokeka, kupuma kukathamanga, wodwala wa bala kapena wa chubu cha mkodzo akatentha thupi nkuyamba kubwebweta. Ndipo akaimba foniyo wina ayankhe, galimoto ibwere. Apo ayi tikumuphunzitsa kuona ngozi kuti aziionerera basi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma ife mwatimwaza chala chimodzichimodzi nkumadabwa kuti nsabwe sizikufa.

Ntchito imeneyi siyachilendo. Mu 1859 ku Liverpool ku England, munthu wina wamalonda dzina lake William Rathbone mkazi wake atamwalira analemba ntchito Mary Robinson, namwino amene ankamusamalira mkaziyo, kuti aziyendera osauka odwala m'makomo mwawo, ndipo mayiyu atangoyamba anafuna kusiya chifukwa cha zomwe ankaona, anachita kumunyengerera. Mu 1978 pa msonkhano wa zaumoyo wa ku Alma-Ata maiko anagwirizana kuti chithandizo chifike pafupi ndi kumene anthu amakhala, mu 2018 ku Astana anabwerezanso. Nde zaka zonsezi bwanji bajeti ikafika, za m'makomo zimakhala zotsalira, galimoto yathu ndi yoyamba kubwerekedwa mabwana akakhala ndi ulendo?

Chomaliza chomwe ndikupempha nchokhudza zolakwika. Ife timalakwitsa, ndine munthu, ndinayamba ndatsala pang'ono kupatsa wodwala mankhwala a mkazi wake chifukwa mabotolo anali pamodzi ndipo dzina la bambo ndi limodzi, ndinazindikira botolo lili kale mmanja. Sindinalembe ripoti. Chifukwa amene analembapo zotere anafunsidwa ngati mbava, ndipo palibe anafunsa kuti tsiku limenelo anali ndi makomo angati, anadya kapena ayi, anagona maola angati. Mukafuna kudziwa pomwe ngozi zabisala lekani kusaka woti mumudule mutu, mudzadabwa ndi kuchuluka kwa zomwe tidzakuuzeni. Pa fomu yanu ija onjezanipo malo olemba zomwe tapeza zosayembekezereka ndi zomwe tapewa, ndipo tageti isawerengedwe ngati kuti makomo onse ndi ofanana.

Lachiwiri likudzali ndili ndi makomo 9, awiri ndi atsopano, limodzi ndi la mtsikana uja wa bambo a sitiroko, ndikufuna ndikaone ngati khungu lija labwerera. Mmodzi wa inu abwere tiyende limodzi, osati ndi gulu ndi makamera ayi, yekha, avale nsapato zafulati, anyamule chikwama changa mpaka madzulo. Ndimanyamuka 7 koloko. Akamabwera atengeko kabokosi katsopano ka singano, kanga kanadzadza sabata yatha.

Ine wanu,
Namwino woyenda m'makomo